Malemu a Tomasi Sathawa

Lolemba
Nkhungu yatseka ponseponse, ngakhale khola la mbuzi silikuoneka. Kuzizira kwake! Koma mtima uli m'malo, chifukwa sabata ino ndikuwadya onse pa poka, juga ya makadi ija, ku baraka ya mowa ya a Zuze.

Nzeru wandipatsa motorisita wina, woyendetsa galimoto, ku Kalomwe:
– Ukakhala ndi makopasi anayi, makadi a mitima aja, lachisanu lotsiriza lisanabwere, ika zambiri ngati labwera kale. Anzako akaopa n'kuthawa, wadya. Akalimba mtima, mwina khadilo libwera, wadyabe.
– Usamachite zofanana masiku onse. Mbewa ya mpita umodzi sichedwa kugwidwa.

Timasewera masana, ndi nyemba zenizeni, zoyeza pa chitini. Tilipo anayi: ine, a Zuze, a Benito osintha ndalama, ndi a Tomasi. A Tomasiwo tinawaika m'manda mwezi wathawu, koma kadera yawo, mpando umene ankakhalira, ilipo ndipo timawagawirabe makadi mwaulemu. Wina akaika nyemba, timawaikira zofanana, makadi awo n'kutembenuza pomaliza. Zimene adya zimapita kwa mkazi wawo, a Nambewe.

Lachiwiri
Zikutheka! Makopasi anayi. Ndikukankha chitini chodzaza, nkhope gwa. A Zuze athawa. A Benito athawa. Ndatsala ine ndi kadera.

Khadi langa silibwera. A Tomasi ali ndi tiwiri tofanana basi, koma takwanira kundidya.

Motorisita uja sanandiuze zochita ndi munthu wosathawa.

Lachitatu
Lero ndine munthu wosadziwika mayendedwe. Zimene ndachita:
– kudzera m'munda wa mbatata, osati mumsewu
– kuvala kazako, jekete langa lija, chotembenuza
– kuika zambiri ndili ndi zinyalala, kuika pang'ono ndili ndi mafumu

Amoyo asokonezeka ndithu. A Benito: "Kumpadire mnzanga, mwamwa chiyani?" Koma ndikanama, a Tomasi ali ndi makadi abwino. Ndikakhala ndi abwino ine n'kuika pang'ono, iwo ali ndi zinyalala, ndiye ndikudya nyemba zosakwana ndiwo za mwana.

Galu wa a Zuze wayamba kugona pafupi ndi kadera ija. Akupendeketsa mutu, maso ali tsinzi, ngati wina akumukanda kukhutu.

Lachinayi
Mayi a kunyumba: "Thumba la mbewu lija likuphwa bwanji?" Ndati anankafumbwe. Iwo: "Anankafumbwe ake oyenda ndi chitini?"

Ku baraka ndati tisinthane malo, mwina mwayi uli pampando. Ndakhala pa kadera ya a Tomasi. Yofunda! Kuzizira konseku, popanda munthu wakhalapo. Ndabwerera pamalo panga. A Benito andiyang'ana ngati iwonso anayesapo kale.

Lachisanu
Ndasiya kuganiza, kuti wowerenga maganizo anga asowe chowerenga. Ndikuponya kanyemba m'mwamba: kakagwera kumanja ndinama, kumanzere ndithawa.

Kagwa pakati. Meza ya a Zuze, tebulo lathu losewerera, imapendekera kwa ine, aliyense amadziwa, mowa ukatayika umathera pa miyendo yanga. Koma kanyembako kagubuduka pang'onopang'ono kukwera chitunda, mpaka kukalowa pamulu wa a Tomasi.

A Zuze achita chizindikiro cha mtanda.

Ndati mwina malemuwa tiwalole apume tsopano. A Zuze: "Auzeni nokha."

Sindinawauze.

Loweruka
Komaliza. Makopasi anayi, ndaika thumba lonse, mbewu ya chaka chamawa. Amoyo athawa monga mwa masiku onse. Ndiye khadi labwera! Kopasi! Ndadumpha, ndavina, ndapsompsona a Benito pa dazi!

Otembenuza makadi a a Tomasi asowa. A Zuze manja ali m'khwapa, a Benito akuyang'ana kudenga. Ndatambasula dzanja ndekha. Makadiwo ndi ofunda ngati angotuluka m'manja mwa munthu.

Mafumu anayi.

Ali moyo, a Tomasi sankatha n'kugwira makadi komwe, aliyense ankawaona. Sindikudziwa amene akuwaphunzitsa kumeneko.

Thumba ndanyamula ndekha paphewa mpaka kwa a Nambewe. Galu anali patsogolo.

Lamulungu
Misa ku Fonte Boa. Mayi a kunyumba akhala benchi lina, ndipo pa moni wa mtendere andidumpha.

Potuluka a Nambewe andigwira dzanja ndi manja awiri. Akuti zikomo, nyumba yawo sinaonepo nyemba zotere. Kenako atsitsa mawu:

"Abambo aja anabwera kutulo. Akuti nyemba zakwana, musavutikenso nazo. Akufunsa za njinga yanu, ngati idakali bwino."

Mawa sindipita ku baraka. Ndalumbira pamaso pa mayi a kunyumba.

Komabe matayala ndapopa, tcheni ndathira mafuta. Munthu asakanene kumeneko kuti ndinamupatsa njinga yophwa.