Mmene Ndinabalalitsira Mzere wa Mayi wa Saikoloje

Kuno ku Chikwa anthu akafuna kudziwa chaka chimene mwana wakutiwakuti anabatizidwa, kapena dzina la agogo a mnyamata amene wabwera kudzafunsira mbeta, amabwera kwa ine. Sukulu ndinalekeza panjira, koma zinthu zotere ndimasunga bwino, ndipo pa maukwati ambiri ndakhalapo nkhoswe. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti wolakwa m'nkhaniyi si munthu wopupuluma.

Taonga, mwana wa mlongo wanga, atakhoza giredi thwelofu anandiuza kuti akufuna kukaphunzira saikoloje ku yunivesite ina ya ku Lusaka, ndiye kuti maphunziro a mmene maganizo a munthu amayendera. Anati malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, ndipo amayamba kutenga amene anakhoza koposa. Ine sizinandikomere kuti osankha akhale iwo okha. Kodi mwana amangoperekedwa ku banja limene simunalifufuze? Choncho nditamva kuti mphunzitsi wina wa dipatimenti imeneyo, Mayi Zulu, wafika pa kiliniki yathu, ndinasita jekete, ndinapopa njinga, n'kupita kukawaunika monga mmene ndimaunikira akuchimuna.

Nditafika thukuta linandituluka. Pakhonde panali mzere wofika mpaka pa mtengo wa mango, ndipo onse ndinkawadziwa, ndi ana awo omwe. A Nyagoma ali ndi mnyamata amene anamaliza sukulu pamodzi ndi Taonga. A Mvula ali ndi awiri. Nditafunsa a Mvula chimene adzera, anangoti, "Kwa mayi wa ku yunivesite, monga imwe." Basi, ndinatsimikiza kuti mpikisano umene Taonga ankanena ndi umenewu, ndipo ife tili kumchira.

Munthu wanzeru akanafunsa funso lachiwiri. Ine ndinatsitsa mawu n'kuyamba ntchito. Ndinanong'oneza a Nyagoma kuti anthu a saikoloje akangokuyang'ana m'maso amadziwa zonse zimene unachita, ngakhale za nyama ija ya kutchire imene sitiitchula pagulu. A Nyagoma anakumbukira mwadzidzidzi kuti asiya nyemba pamoto. Kwa a Mvula ndinawonjezera kuti zimene apeza amapita nazo ku Lusaka. Mawuwo anayenda okha mumzere mofulumira kuposa mmene ndinkayembekezera, njinga zinayamba kuchoka imodziimodzi, ndipo posakhalitsa woyamba ndinali ine, womaliza ndinalinso ine.

Ndinalowa mwaulemu wonse. Mayi Zulu anandifunsa ngati ndimagona bwino, ine ndinawapempha kuti mafunso ayambire kwa ine. Ndinafunsa kuti dipatimenti yawo inayamba liti, anaiyambitsa ndani, aphunzitsi amamvana kapena amakangana, ndipo ana amene anaphunzira kumeneko ali kuti lero. Anayankha mosatopa kuti ena ali m'zipatala, ena m'masukulu, ena akufunabe ntchito, ndipo sanabise kuti m'makalasi mumadzaza. Zinandigwira mtima, chifukwa pa unkhoswe ndimakhulupirira anthu amene amatchula okha zofooka zawo. Ndinawauza mapointi a Taonga, n'kulengeza kuti ndakhutira, mwanayo akhoza kumutenga, makamaka popeza opikisana naye abwerera.

"Opikisana naye ati?" anafunsa motero, n'kusuzumira pakhonde. Anangopeza mabenchi.

Apa m'pamene nesi wa pa kilinikipo anafotokoza, ine ndili pomwepo, kuti anthuwo anaitanidwa chifukwa cha nkhawa ndi kusowa tulo polondera minda kuopa njovu, zimene Mayi Zulu anabwera kudzafufuza. Anafotokozanso amene wawabalalitsa, ndi mawu amene anagwiritsa ntchito. Kodi munayamba mwafunapo kuti mpando ukumezeni? Chimene chinandiwawa koposa n'chakuti dzina la Taonga ndinali nditalitchula kale, ndi la bambo ake lomwe, momveka bwino monga mwa chizolowezi changa. Ndinaona kuti malo a mwanayo ndawataya ndi pakamwa panga.

Mayi Zulu anaseka mpaka kuvula magalasi. "Bambo, osankha ophunzira si ine, ndipo kulibe mzere wa makolo, amangoyang'ana zotsatira za mayeso. Mapointi mwatchulawo ndi abwino, alembere kalata yopempha malo ndithu. Koma manje anthu anga mundibwezere."

Ndinayenda khomo ndi khomo, jekete lili paphewa, kukabweza mawu anga. Munthu amene wamuopseza sakhulupirira msanga, choncho ndinakakamizika kutamanda saikoloje mopitiriza muyeso: kuti ndi maphunziro aulemu, aphunzitsi ake ndi oona mtima, ndipo mwana wophunzira zimenezi amadzathandiza mudzi wonse. Ndinalankhula bwino, ndivomere. M'mawa mwake mzere unabwerera.

Patapita masabata angapo Taonga anandipeza ndikupalira chimanga. "Asibweni, mwamva? Mnyamata wa a Nyagoma ndi ana onse awiri a a Mvula nawonso alembera saikoloje. Akuti amene anawalimbikitsa ndinu."

Mpikisano umene kunalibe kuno kwathu ndinaubweretsa ndekha, pa njinga yanga. Taonga sakudandaula, akuti akawatenga onse adzakhala ndi oyenda nawo pa basi ya ku Lusaka, ndipo yankho tikulidikira ndi mtima wabwino. Koma ndalumbira pamaso pa mlongo wanga kuti mwanayu akadzayamba kufunafuna ntchito, ine sindidzamuthandiza. Chikwa yonse ingadzalembere ntchito yomweyo.