Mamendulo a Atsikana a pa Jenda

Lolemba

Temwa, mwana wa mlongo wanga, wabwera kuchokera ku mpikisano wothamanga wa mayiko. Wakhala wachitatu. Jenda yense akuyang'ana Temwa, ine ndikuyang'ana mendulo. Ntchito yanga ndi yosungunula aluminiyamu n'kupanga mapoto, ndiye chitsulo ndimachidziwa, koma chotere sindinachigwirepo. M'mphepete mosalala ngati supuni yatsopano. Kutsogolo munthu akuthamanga, mpaka zingwe za nsapato zake zikuoneka. Msoko palibe. Ndaitembenuza, ndainunkhiza, ndailuma. Amene anaipanga, kaya ali dziko liti, manja ake ndi odala.

A Mhango, mphunzitsi wa masewera pasukulu yathu, akudandaula kuti Loweruka atsikana athamanga koma mphoto ndi sopo basi. Ndangozimva ndikunena kuti mamendulo atatu ndipanga ine. Alengeza kale kwa ana.

Lachiwiri

Tsiku lojambula. Temwa akuti kunjako amayamba akhala pansi akatswiri, chilichonse choikidwapo chimakhala ndi tanthauzo, kenako amadinda ndi makina, sathira ngati poto. Ndamva, koma makina anga ndi mchenga.

Tanthauzo nafenso tili nalo lambiri. A Mhango akufuna buku. Wapampando wa komiti ya sukulu akufuna ng'ombe ndi chishango cha ingoma. Abusa akufuna nkhunda. Mkazi wanga, NyaJere, akufuna chimanga. Kuti zonse zikwane, mendulo yakula ngati chivundikiro cha ketulo.

Lachitatu

Ndabwereka mendulo ya Temwa kuti ndidinde wothamanga uja mumchenga. Akupereka ndi manja awiri. "Asibweni, muisamale chomene."

Chikombole chatuluka bwino, ngakhale mumchenga munthuyo akuthamangabe. Pambali pake ndakanda ndi msomali ng'ombe, buku, nkhunda, chishango ndi chimanga. Pansi ndalemba WOYAMBA. Ndapanganso zikombole ziwiri, za wachiwiri ndi wachitatu. Moto wagwira, mapistoni akale asungunuka, ndikuthira. Kadontho kathethekera pabenchi, pamene ndinaika mendulo. Riboni yapsa, yatsala pang'ono kudukiratu.

Ili m'thumba mwanga.

Lachinayi

Ndaswa zikombole. Yoyamba: wothamanga wagwirana ndi ng'ombe, chatuluka chilombo cha miyendo yambiri chonyamula buku. Mawu onse ayang'ana kumbuyo. Yachiwiri ili ndi bowo pamene panali nkhunda. Yachitatu yasweka ndikuitulutsa.

Ndamuitana Temwa, ndamuonetsa riboni. Wakhala pansi, waigwiragwira. Kenako akuti pomuveka mendulo kunjako, chimene anagwira kuti asagwe ndi riboni imeneyi. Kulibwino akanandikalipira.

NyaJere waitenga, wasolola ulusi mu riboni momwemo, wasoka. Pamene panapsa uyenera kuchita kupafuna. Mkazi ameneyu ndi mmisiri. Sakundiyankhula.

Lachisanu

Ndasungunulanso yachiwiri ndi yachitatu. Makala atha chitsulo chisanapse, zangogwirana kukhala chibumi chimodzi. Wachiwiri ndi wachitatu alandira sopo.

Yotsalayo ndaipala ndi tupa mpaka zala kutuluka matuza. Ng'ombe yachoka, pamodzi ndi mwendo umodzi wa wothamanga. Penti wa golide pa Jenda palibe. Che Idrisa a sitolo ya zomangira andipatsa wachikasu wa zitseko, akuti amauma msanga kukakhala dzuwa. Kunja kuli mitambo. Riboni: mkawo wa chitenje.

Ndaika yanga pambali pa ya Temwa. Ulemu wanga kwa mmisiri uja wakulirakulira.

Loweruka

Bwalo ladzaza. Atsikana opanda nsapato, fumbi kobo. Wapambana ndi Lusungu wa sitandade 7, woonda ngati bango, amene amachokera kutsidya kwa dambo. Pokhota pomaliza wangowasiya anzake ngati aima. Temwa waimirira osadziwa, akumuyang'ana pakamwa pali yasa.

Ine ndikufuna kubisa mendulo, a Mhango andiitana pa chimkuzamawu. Temwa wailanda m'manja mwanga, wavala yake ya riboni yosoka, wamuveka Lusungu yanga ngati ndi ya golide weniweni. Khosi la mwanayo lawerama chifukwa cha kulemera, anthu ayesa ndi ulemu, aomba m'manja. Penti sanaume. Pa yunifomu yake patsala dzuwa lachikasu. Amayi ake andiyang'ana nthawi yaitali, kenako akuti, "Yewo, adada. Mbwenu sopo uja mutipatsenso."

Lusungu wafunsa Temwa ngati kunja amalola kuthamanga wopanda nsapato. Akhala pansi pa mtengo, akukambirana mpaka anthu kubalalika.

Lamulungu

Temwa akwera basi masana. Wandilola kuigwiranso mendulo, iye atagwira riboni. Msoko sindinaupezebe. Ndavomera. Kuli anthu amapanga zinthu, ine ndimapanga mapoto, ndipo sadontha.

Kutchalitchi Lusungu wabwera ataivala pamwamba pa diresi loyera. Ulaliki uli pakati, wawerama kutola buku la nyimbo, mendulo yagunda mwendo wachitsulo wa benchi. Kulira kwake ngati belu. Abusa atseka Baibulo, akuganiza kuti akulu a mpingo akuwauza kuti nthawi yatha. Tatuluka dzuwa lisanafike pamutu, koyamba chaka chino.

Panja anthu andigwira chanza ambiri kuposa dzulo. A kwaya akufunsa ngati Lusungu angamakhale kutsogolo sabata iliyonse.