Tsiku limene ng'ombe zinandiyankha nyimbo

Ine ndine woimba, anzanga, woimba kuyambira mano ali onse m'kamwa. Kuno ku Zingalume amayi a chigwirizano akafuna woyambitsa nyimbo sayang'ana uku ndi uku, amangoti ambuya ali kuti, ambuya ali kuti. Koma lilipo tsiku limene mawu angawa anandithawa pagulu, ndipo chinawathamangitsa ndi chala changa chomwechi.

Unali ukwati wa Esinati, mdzukulu wanga amene ndinalera ndekha mayi ake atatisiya. Nyimbo yomutsanzikira ndinaipeka ndikupalira mtedza, mzere uno mawu, mzere uwo mawu. Ndinkafuna akuchimuna ochokera ku Mlolo amve ndi makutu awo kuti mwana akutengayu ali ndi kwawo.

APhiri, mwini zoimbira, anafika ndi katundu wawo pa ngolo. Timasipika tiwiri anatikweza pamitengo yachitsulo ngati nkhunda, koma chibokosi chachikulu chakuda anachikhazika pansi pafumbi. Anandipatsa maiki kuti ndiyese. Ndinati, "Moni nonse!" Tating'ono tija tinayankha bwinobwino. Chachikulu chija zii.

"APhiri, chadwala ichi?"

"Ayi ambuya, imeneyi ndi sabu. Yake ndi mawu olemera okhaokha, a ng'oma ndi besi. Kabatani aka ndi kolosova, kamagawa mawu monga mumachitira popeta: olemera apite pansi, opepuka apite pamwamba. Ndakaika pamalire penipeni, pamene wamkulu alekera ndi pomwe ana ayambira. Musakagwire."

(Munthu akandiuza kuti musagwire, chala changa chimamva kuti fulumirani.)

Mtima unandiwawa, ine. Kwathu kuno mbuzi ikaphedwa, woyamba kupatsidwa ndi wamkulu. Ndiye chibokosi chonsechi, chimene ng'ombe ziwiri zatuluka nacho thovu, chizidya makombo, tiana tili pamwamba tikudya zonona? Nanga ine nkhalamba, mawu anga atulukire mwa tiana?

APhiri atapita kukathira mafuta mu jenereta, ndinasendera ngati ndikukonza nsalu ya patebulo. Manambala sindiwadziwa bwino (sukulu ndinalekeza mvula itakokolola mlatho, ndipo sindinafunse ngati anaumanganso), koma kupotokola ndimadziwa. Ndinapotokola, ndinapotokola, mpaka kabatani kanakana.

Nthawi yanga inakwana. Ndinaimirira, duku lili nji, ntchembere zonse zikululutira. Ndinatsegula pakamwa: "Pita bwino, mwana wanga..."

Mayo ine! Pansi panatuluka chimawu, buuu, ngati munthu akulankhulira mumgolo. Pamwamba tiana tija tatsala ndi tsii, tsii, ngati udzudzu. Munthu mmodzi, mawu awiri, onse osakhala anga. Ndinati mwina ndaima patali, ndinasendera kufupi ndi chibokosi chija ndi kukweza mawu. Chinalira huuu! Mbale patebulo njenjenje, ana balala, ndipo ng'ombe za aPhiri pansi pa mtengo wa mango zinadzutsa mitu n'kundiyankha, zonse ziwiri. Akulu a mpingo anaweramitsa nkhope ngati akupemphera, koma mapewa akugwedezeka.

APhiri anabwera chothamanga. "Wagwira apa ndani?"

Ine maso kumitambo.

"Ambuya, kabatani kali ndi mafuta a nkhuku. Taonetsani chala."

Sindinaonetse. Ndinayang'ana Esinati. Anali atatseka nkhope ndi manja, ndipo sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka. Apo ndiye ndinachita mantha enieni, kuti mwana wanga apita kwa eni ake atanyamula kulira kwa ng'ombe m'malo mwa nyimbo yanga.

"APhiri, mwana wanga, ndibwezereni mawu anga."

Anapendeketsa mutu, khutu limodzi kuchibokosi, akubweza kabatani pang'onopang'ono. "Nenani moni." Moni. "Nenaninso." Moni. Chimawu chija chinkaphwa, chinkaphwa, mpaka ndinadzimva ndekha, ine ndemwe, ndikutulukira mwa tiana tomwe ndinatinyoza.

Ndinayambanso. Ee, inakoma nyimbo, inakoma! Mawu anga pamwamba, ng'oma pansi ikugunda mpaka m'chifuwa, amayi akuvomera mbali zonse. Esinati anachotsa manja kunkhope, misozi ili mbwe, ya mtundu umene ndinkaufunawo.

Madzulo, anthu akubalalika, anandipeza agogo ake a mkwati. Iwo tsiku lonse anali kuseri kwa nyumba akuyang'anira miphika, sanaone kanthu.

"Asewere, mwaimba! Koma abambo aja munayamba nawo poyamba, a mawu aakulu aja, ndi a mudzi uti? Kumpingo kwathu besi ikutisowa."

Ndinakonza duku langa bwinobwino.

"Ndi mlendo, asewere. Wapita kale. Koma mukamufuna mundiitane, amabwera ndikakhalapo ine."