Dothi lakuda la kuseri kwa galaja

Mpaka lero apongozi anga akafuna kusungitsa kanthu amapatsa mkazi wanga, ine ndili chilili pomwepo. Sindidandaula. Ndinaziputa dala.

Chaka chatha anabwera kwathu ku Ching'ambo kuchokera ku Nkhata Bay atamanga nthanga za maungu pakansalu. Mbewu imeneyi anawasiyira malemu mayi awo, ndipo kumudzi anyani anali atakolola munda wonse. Zotsala zinali zomwezo basi. "Inu ophunzira, mutisungire mbewuyi," anatero. Ine ndi satifiketi yanga ya ukalaliki ndinavomera ngati mlangizi.

Dothi la pakhomo pathu ndi lofiira, ndiye ndinalinyoza. Kuseri kwa galaja ina, pamene amaswera mabatire akale a galimoto, ndinaona dothi lakuda bii. Ndinati chonde chake ndi chimenechi! Ndinatuta mawilibala anayi (mwini galajayo anandithokoza kawiri, ine osadabwa). Nthanga ndinadzala momwemo. Zonse. Katswiri sasiyako zapadera.

Zinamera ndithu, koma masamba anasanduka achikasu, m'mphepete ngati awauka. Ndinathira feteleza. Zinaipiraipira. Ndinathiranso wina. Kenako ndinayamba kukayikira a NyaMhango, mayi oyandikana nafe, amene ankasuzumira pampanda tsiku lililonse.

Tsoka ilo, mayiwa anaphunzitsa zaulimi zaka zambiri. Tsiku lina analowa n'kuzula chomera chimodzi. Mizu yake inali yaifupi, yakuda.

"Adada, dothi ili mwalitenga kuti?"

Ndinawauza, monyadira ndithu.

"Yewo chomene," anandithokoza monyodola m'chinenero chakwawo, "mwadyetsa maungu mtovu wa m'mabatire. Ukalowa m'mizu umatsekereza chakudya, ukafika m'tsamba umawononga chobiriwira chija. Chomera chimalimbana nawo m'kati mpaka kutopa. Kuthira feteleza wanuyo kuli ngati kupatsa nyama munthu wotupa pakhosi. Mwayi wake sanabereke, mukanadyetsa ana poizoni."

Maungu onse anauma. Nthawi yokolola apongozi anatulukira ndi thumba loti anyamuliremo maungu. Ndinawafotokozera zonse, za mtovu, za mizu, sayansi yonse yobwereka ija. Anamvetsera akupinda thumba lawo bwinobwino.

"Amama sanapite kusukulu," anatero, "koma mbewuyi anakalamba nayo. Inu miyezi iwiri yokha."

Manyazi anandigwira, moti bola akanandimenya ndi thumbalo. Pofuna kukonza zinthu ndinati asadandaule, ndikawagulira ina kushopu, yamakono, yoposa yakaleyo.

Apa m'pamene analira. Za dothi ndaphunzira, koma pakamwa panga pakadali sitandade wani.