Golide wa Loko Wanga

Anzanga, ine ndinachoka ku Kasungu kudzagula mtedza ku Lundazi kuno, za migodi ndinazidziwira kuti? Koma mlamu wanga Zimba, mchimwene wa mayi a kunyumba, atabwera kudzati akugulitsa gawo lake la kamgodi ka golide kamene amakumba ndi anzake cha ku Kapichila, mtima unangoti phwii.

"Mulamu, nalema nako kukumba," anatero. "Nipaseni chabe mbuzi imozi, sheya ni yanu."

Mbuzi imodzi! Koma ine wochenjera, wamalonda, ndingagule chinthu osachiyesa? Ndinati andipatse kaye kathumba ka miyala ya m'dzenjemo. Ndinali nditaonapo anthu akuchita: umaswa mwala, kuupera, kutsuka ufawo m'beseni, golide n'kutsalira pansi. Chovuta n'chiyani pamenepo?

Hamala ndinaisowa, ndiye ndinangotola chiloko chamkuwa chija timakhomera chipinda cha mtedza, n'kuyamba kuphwanya. Kungomenya kawiri, mwala uja waa, mizere yachikasu! Kumenya wina, chimodzimodzi. Kutsuka m'beseni la mayi, pansi pali timibulu tonyezimira. Abale, ndinavina ndekha kuseri kwa nyumba, munthu wamkulu wa ana anayi.

Munthu wanzeru akanatseka pakamwa n'kukapereka mbuzi mwakachetechete. Ine? Ndinakulunga timibulu m'kapepala, ulendo wa kumsika, kuonetsa aliyense, mpaka amayi ogulitsa kapenta. Mbiri inakafika kwa mlamu ine ndisanafike, ndipo ndinamupeza atakhala mwendo pamwamba pa unzake.

"Mulamu, mutengo wakwela. Imwe mweka mwakamba kumaliketi kuti muli golide yambili. Manje ni mbuzi na njinga."

Njinga yake iti? Yomwe ija timanyamulira mtedza, miyendo ya banja lonse. Ndinapereka, ndikumuseka mumtima kuti wadyeka. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ndinabwerera wapansi, fumbi mpaka m'mawondo, n'kupeza akazi anga, mayi a Temwa, akutembenuza loko uja, ali mbali imodzi yodyekadyeka.

"Bambo a Temwa, loko uyu walumidwa ndi chiyani? Nanga njinga ili kuti?"

Ndinawafotokozera monyadira, mpaka kulonjeza galimoto. Iwo anangotola mwala wa pakhomo pa bafa, uja timatsukirapo zidendene, n'kuukhula ndi loko uja kamodzi. Mzere wa golide waa! Anatola wina wa pakhola la nkhumba, golidenso.

"Yewo, bwana," anatero akugwada mwaulemu wonse. "Ndiye kuti takhala tikusamba pamgodi osadziwa."

Manyazi ake, ndinalakalaka nditalowa m'dzenje la mlamu lomwelo, poti ndi langa tsopano. Golide yense uja anali loko wanga akuperesedwa ndi miyala. Palibe anandinamiza. Ndinadziikira ndekha golide, kudzilengezera ndekha, kenako kudzikwezera ndekha mtengo.

Pano mtedza ndimasenza pamutu, ndipo mlamu akamandipitirira pamsewu wa kumsika amandilizira belu la njinga yanga yomwe, ati, "Monile, ba dailekita!"

Ndalumbira, ndikadzaonanso mwala ukunyezimira ndidzaulambalala. Loko uja ndamusunga, koma mayi a Temwa akuti pachitseko anasiya kugwira, malo ake enieni ndi pakamwa panga.