Foni ya Gidiyoni isatchajidwe pano

Lolemba
Gidiyoni Mwakalinga, mlamu wanga. Ndiye adadula mtengo wanga wa mango kumadzulo kwa nyumba n'kuwotchera njerwa zake, ine ndili kumpunga ku Wovwe. Mwana wanga Tusekile anali kumsana. Lero ndi nesi ku Boma, ine sindinaiwale.
Tusekileyo wandikonzera nyumba: khonde lalikulu, mawindo openyana kuti mphepo ya kunyanja izidutsa, siling'i ya bango, sola padenga. Magetsi akuchita kutsala! Ndalengeza: mudzi wonse uzitchaja mafoni ulere, kupatula Gidiyoni. Amve kuwawa.

Lachiwiri
Mafoni mbwee pamphasa. Ndikuunika imodziimodzi. Yake ndimaidziwa, yosweka, yomanga ndi mphira. Palibe. Mtima myaa!

Lachitatu
Kunsi kwa bedi kuli waya. Kumapeto kwa waya kuli chitenje. M'chitenjemo, mphira uja! Mayi a kunyumba ati, "Ndi mlongo wanga, mauthenga a maliro azimva bwanji?" Ndikuzula. Ndikangotuluka akubwezera.

Lachinayi
Ndathimitsa zonse. Odandaula: aphunzitsi, asodzi a nyali, kwaya yonse ya amayi, ndi ine ndemwe, wailesi yangoti zii. Dzuwa likungotayika padenga. Ndayatsanso.

Lachisanu
Wabwera yekha! Ati kwake malata akuwotcha ngati uvuni wa njerwa. Ngati uvuni wa njerwa, iyeyo! Wakhala pampando wanga, pakhonde langa, mkonono lilili. Podzuka ati, "Ndaga, zikomo mlamu, kuno n'kozizira ngati ku Misuku." Ndikufuna kumupirikitsa, koma anzathu a bawo onse adatha kumanda. Tasewera bawo, wandidya nkhomo zonse.

Loweruka
Dzuwa lapendeka. Nyumba yonse ili bwino, koma chipupa cha kumadzulo chikutentha monga kale. Ndikumugwira dzanja, ndikuligunditsa pachipupapo. Akulichotsa msanga. Kenako ati, "Anali okoma mango aja." Si kupepesa ayi. Koma n'koyamba kuvomera kuti mtengowo unalipo.

Lamulungu
Foni yake ili pawaya, poyera, pakati pa anzake. Ndagonja. Dzuwa si langa.
Mbande ya mango ndaiika m'chitini pakhomo, pomwe mlamuyo amavulira nsapato. Ndisanafe ndikufuna chimodzi: Gidiyoni akumbe dzenje ndi manja ake, adzale, azithirira mpaka mthunzi ufike pachipupa. Mayi ndawauza kale, sindifa mthunziwo usanafike.