Sopo wa a Shigematsu

A Shigematsu ankakalipira mbalame. Sindikunena kuziingitsa ayi, koma kuzikalipira ngati ana awo. M'mawa uliwonse ankayenda pakhoma lotchinga mafunde a nyanja mpaka kumathero, magalasi oonera patali ali pakhosi, n'kuyambapo: "Iwe kakowa, dzulo unali kuti? Nanga inu atsekwe, chaka chino mwachedwa masiku anayi. Manyazi mulibe?"

Ine ndinakhala nawo moyandikana zaka makumi atatu, ndipo zaka zonsezo tinkakangana za nsawawa zanga zimene mbalame zawozo zinkadya.

Chaka china mu Disembala anadwala sitiroko, mwendo wamanzere n'kufooka. Mwana wawo Fumie anabwera kuchokera ku Osaka atamanga kale mfundo.

"Ababa, atsekwe akamanyamuka mu Malichi, nanunso mukunyamuka. Mukakhala kwanga."

"Kunyumba yosanja ija? Ndizikakalipira chiyani, nkhunda?"

"Ndiye muyende nokha mpaka kumathero kwa khomalo atsekwe asanathe. Mukafika, ndikusiyani."

Kwathu kuno munthu akachira amagawira sopo onse amene anamuzonda, kuti matenda atsukike asatsale. Mkuluyu anaitanitsa katoni yathunthu ali chigonere, kuimirira komwe asanayambe.

"Mwachira kale?" ndinawafunsa.

"Sopo wafika, Mayi Tazuko. Mwendowu uchita wokha manyazi."

Anayambira m'dimba mwanga, ati ndi mosalala. Tsiku loyamba anaponda kanayi n'kugwera pa nsawawa zongomera kumene. Ndinapsa mtima, sindinama.

"Mbalame zanu zadya theka, inu mwagonera theka linalo."

"Ndidzutseni kaye, mulalata bwino. Mtengo wanu wa ume uwo ndiufika usanachite maluwa."

Anaufika maluwa atatuluka dzulo lake, ndipo anaukalipira mtengowo chifukwa chopupuluma.

Kenako anatulukira kukhoma kuja. Atsekwe anali atayamba kunyamuka m'magulu, iwo n'kumawalozera ndodo, pakamwa pali popotoka: "Dikirani, opanda ulemu inu." Tsiku limene Fumie anabwera ndi galimoto ndi makatoni olongedzera, m'matope munali mutatsala atsekwe atatu basi.

Ulendo wa mphindi khumi unawatengera ola lathunthu. Ine ndinkatsatira ndi mpando, umene anakana ngakhale kuuyang'ana. Pakati panjira atsekwe awiri anauluka. A Shigematsu sanawakalipire, mpweya unali wochepa. Anangoluma mano n'kukoka mwendo uja, thukuta lili kamukamu m'mphepo yozizira ija. Atagwira chitsulo cha kumathero kwa khomalo, tsekwe mmodzi anali akadatosa matope.

Anamuweramira tsekweyo mwaulemu, koyamba m'moyo wawo. Kenako anapisa m'thumba n'kutulutsa sopo.

"Eko, Fumie. Ukasambire ku Osaka."

Mwanayo analira. Inenso ndinalira, koma ndinanamizira mphepo.

Anakalipira mbalame zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndipo anatisiya mu Febuluwale, ume atangoyamba maluwa. Masiku ano atsekwe amabwera tsiku limene afuna, palibe wowafunsa. Nsawawa zanga zikudyedwabe, koma ndikatuluka kuti ndilalate, kuseri kwa mpanda kuli zii. A Shigematsu ndimawasowa kwambiri.

Sopo amene anandipatsa ine akadali m'pepala lake. Ndikudziwa kuti amayenera kutha, asandiuze munthu.